Kodi nkhondo ya Chiwaya inatha liti kwenikweni?

NaChisale62
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa mtendere kuyambira Lamulungu. Mwana wanga wa Fomu 3 akuwerenga za Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, ndipo m'kope mwake mwalembedwa kuti inatha pa 11 Novembala 1918, nthawi ya 11 koloko m'mawa. Ine ndinakulira m'manja mwa agogo anga aakazi. Iwo ankanena motsindika kuti bambo awo, omwe anagwidwa kukasenza katundu wa asilikali, anafika pakhomo anthu akudya dowe, ndipo ankati mfuti zinkalirabe azungu atauzana kale kuti zatha. Mwanayo ndamuuza kuti alembe zomwe aphunzitsi anena, asalakwe mayeso. Koma mtima wanga sukuvomera. Odziwa mbiri, tithandizeni.

Mphunzitsi_Wopuma
Mayi NaChisale, kope la mwana silinaname, agogo anunso sananame. Pa 11 Novembala 1918 nthumwi za Germany zinasaina pangano losiya kumenyana m'bogi ya sitima, m'nkhalango ya Compiègne ku France. Anasaina mbandakucha, cha m'ma 5 koloko, n'kugwirizana kuti ikakwana 11 mfuti zonse zikhale chete. Koma kuno kwathu mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anali m'tchire kumpoto kwa Zambia ya lero, osamva kalikonse ka kwawo. Tsiku lomwe anthu ankavina m'misewu ya London, iye anali paulendo wa ku Kasama ndi gulu lake. Zida anakatula ku Abercorn, komwe lero timati Mbala, pa 25 Novembala. Ndi masabata awiri athunthu amenewo. Zitatero amtengatenga anayenera kuuyatsa wapansi kubwerera kwawo, ena akudwala, ena akudikira malipiro pa boma. Kufika pakhomo nthawi ya dowe n'zomveka ndithu.

WakuChipata
Aphunzitsi anena zoona. Ine ndimayendetsa lole, njira ya Mpika kupita ku Kasama ndimaidziwa bwino. Pafupi ndi mlatho wa Chambeshi pali chipilala cha miyala, ndi mzinga wakale pambali pake. Pamenepo ndi pomwe Lettow-Vorbeck anakumana ndi bwana wa boma la Angerezi, Hector Croad, pa 14 Novembala, n'kuuzidwa kuti kwawo agonja. Anthu ambiri amangodutsa osaima. Ine ndinaima tsiku lina masana, panalibe munthu, mbuzi zokha zikudya udzu m'mbali mwa mpanda.

Jah_Ndirande
Za masiku ndasiyira aphunzitsi. Kwa ine nkhondoyo inatha tsiku lomwe America inalowa. Zotsatirazo kunali kuphupha kwa nkhuku yodulidwa kale khosi.

Mlonda_wa_Usiku
Ayi achimwene Jah, apo ndikukana. America inalengeza nkhondo pa 6 Epulo 1917, koma kulengeza si kufika. Asilikali ake anayenera kulembedwa, kuphunzitsidwa, kuwolotsedwa nyanja, moti anayamba kuchuluka ku France pakati pa 1918. Chaka chomwecho cha 1917 Germany ndiye inali kumwetulira, chifukwa Russia inagwa. Mfumu Nicholas II inatula pansi udindo mu Malichi, Lenin ndi anzake analanda boma mu Novembala, ndipo pa 3 Malichi 1918 anasaina pangano la Brest-Litovsk, n'kutaya malo aakulu kuti angopeza mpumulo. Ajeremani anasamutsa magulu ambiri kuchoka kum'mawa kupita kumadzulo, ndipo pa 21 Malichi 1918 anaboola mzere wa Angerezi mwa njira yomwe sinaonekepo kuyambira 1914. Pofika Juni anali atafikanso pa mtsinje wa Marne, Paris ili pafupi. Nkhuku yodulidwa khosi siyenda mtunda wotero.

Jah_Ndirande
Nanga ankathamangira chiyani, ngati si kuopa kuti Aamerika achuluka? Mwandithandiza nokha a Mlonda. Ndipo anadziputira okha. Anayambiranso kumiza sitima zilizonse mu Febuluwale 1917, kenako telegalamu ya Zimmermann inaululika, momwe ankanyengerera Mexico kuti iukire America polonjeza kuti idzabwezeredwa Texas, Arizona ndi New Mexico. Munthu woputa njovu ali kale pa ndewu ndi mikango iwiri, mapeto ake amadziwika.

Mlonda_wa_Usiku
Kuti anathamanga poopa Aamerika ndavomera. Koma amene anawathyola msana ku Amiens pa 8 Ogasiti 1918 anali makamaka asilikali a Australia, Canada, Britain ndi France, ndi akasinja mazanamazana. Tisamapereke ulemu wonse kwa wobwera madzulo.

Mai_a_Tadala
Abambo inu mukuwerenga mizinga, koma palibe watchula poto. Angerezi anatseka njira za panyanja kuyambira 1914, chakudya ndi feteleza osalowa ku Germany. M'nyengo yozizira ya 1916 mpaka 1917 mbatata zinakanika, anthu a ku Berlin n'kumadya mpiru wa mizu womwe kale ankadyetsa ziweto. Ku Russia komwe mukunenako, amene anayamba kutuluka mumsewu ku Petrograd anali amayi otopa ndi mizere ya buledi. Ku Germany nakonso, kumayambiriro kwa Novembala 1918, asilikali a panyanja ku Kiel anakana kupita kukafa, chipolowe chinafalikira m'mizinda, ndipo pa 9 Novembala kunalengezedwa kuti Kaiser Wilhelm II wachoka pampando. Mawa lake anathawira ku Netherlands. Msilikali akalandira kalata yoti ana kunyumba akugona ndi njala, mfuti imamulemera. Ine ndikadafunsidwa nthawi yomwe nkhondoyi inatembenuka, ndikadaloza nyengo ya njala ija.

Kamwana_2004
Pepani akuluakulu, ndifunse nawo. Mutu wa nkhaniyi ukuti Chiwaya. Chiwaya si chija amakazingira tchipisi pamsika?

Gogo_Chalo
Mdzukulu wanga, wafunsa bwino. Chiwaya cha tchipisi ndi cha masiku ano. Makolo athu akati chiwaya ankanena mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza, yomwe anthu angapo ankainyamula mogawana, wina miyendo yake, wina mpope, wina mabokosi a zipolopolo. Kale ankadziwa mfuti za gogodela, zoombera kamodzi n'kuthiranso onga. Atamva kulira kwa iyi, nkhondo yonseyo anangoitcha dzina lake. Bambo anga aang'ono mpaka imfa yawo sankafuna kukhala pafupi ndi chigayo chikamalira.

Mwana_wa_Nyanja
Popeza takamba za kutha, tikambeko za kuyamba, chifukwa panonso mabuku amatidumpha. Onse amadziwa za Sarajevo, pa 28 Juni 1914, mnyamata Gavrilo Princip atawombera Franz Ferdinand, mlowam'malo wa mfumu ya Austria-Hungary, ndi mkazi wake Sophie. Britain inalowa pa 4 Ogasiti Germany italowerera Belgium. Koma pasanathe masiku khumi, pa 13 Ogasiti, mzinga unalira pa nyanja yathu ino. Sitima ya Guendolen, motsogozedwa ndi Kaputeni Rhoades, inapeza sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ikukonzedwa ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kuiwombera. Nkhani imati kaputeni wa Ajeremani, Berndt, anali mnzake wa Rhoades womwera naye limodzi, ndipo anapalasa bwato kudzamukalipira, osadziwa kuti maiko awo ali pankhondo. Mzinga wa Guendolen ulipo mpaka lero ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi musanawoloke mlatho wa Shire. Ana asukulu amaukwera pojambulitsa. Chipolopolo chimenechi chisakuchepereni, chifukwa ndi chomwe chinapatsa Angerezi nyanja yonse, ndipo n'chifukwa chake asilikali ndi katundu ankatha kuyenda pamadzi kuchokera ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi, mpaka ku Karonga.

Mwakipiki_KA
Ndipo ku Karonga kwathu magazi anakhetsedwadi. Usiku wa pa 8 Seputembala 1914 gulu la Angerezi linkapita kumpoto kukaukira Ajeremani, la Ajeremani likubwera kumwera kudzaukira Karonga, ndipo anaphonyana m'tchire osaonana. Kutacha pa 9 Ajeremani anazinga boma momwe munatsala anthu ochepa. A King's African Rifles (KAR), asilikali a kuno omenyera Angerezi, atamva mfuti kumbuyo kwawo anabwerera mothamanga, ndipo pofika madzulo Ajeremani anali atathawira kutsidya kwa Songwe. Manda a azungu a mbali zonse ziwiri alipo ku Karonga, osamalidwa bwino, maina olembedwa pamwala. Koma ochuluka mwa omwe anagwa tsikulo anali akuda, mbali iyi ndi mbali iyo.

Mbombwe_Kwathu
Ndiye mwafika pomwe ndimadikira. Imfa za ku Karonga ndi zomwe zinachititsa John Chilembwe kulemba kalata yake ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914. Mfundo yake inali yoti nthawi ya mtendere zabwino zonse ndi za azungu, koma nkhondo ikabwera akufuna magazi a munthu wakuda. Anati apite kunkhondo olemera, eni masitolo ndi eni minda, osati amphawi omwe akafa amangosiya amasiye ndi ana osowa pogwira. Boma linaletsa kuti kalatayo ifalikire. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira, William Jervis Livingstone anaphedwa ku Magomero, ndipo pa 3 Febuluwale Chilembwe yemwe anawomberedwa cha kumalire a Mulanje. Tchalitchi chake cha ku Mbombwe anachiphwasula ndi mabomba. Kwa ife a dziko lino, chochitika cha ndale chachikulu pa nkhondo yonseyi ndi chimenechi, osati za ku Petrograd.

Jah_Ndirande
Chilembwe anaukira chifukwa cha thangata ndi nkhanza za m'maesiteti, osati nkhondo ya azungu. Tisasakanize.

Mbombwe_Kwathu
Achimwene, thangata analipo zaka zambiri, matchalitchi ake ankawotchedwa kale pa esiteti ya Bruce, njala ya 1913 inadutsa, koma sanatole zida. N'chifukwa chiyani anazitola miyezi iwiri atalemba kalata ija? Nkhuni zinali zounjikidwa kale, ndavomera. Moto unachokera ku Karonga.

Mphunzitsi_Wopuma
Nonse awiri muli ndi mbali. Ndingowonjezera kuti asilikali ambiri a boma anali kumpoto nthawi imeneyo, ndipo zimenezi ziyenera kuti zinawalimbitsa mtima oukirawo.

Captain_Area25
Ine ndimangogoma ndi Lettow-Vorbeck. Zaka zinayi osagonja. Ku Tanga mu Novembala 1914 anathamangitsa gulu lomuposa kutali, mpaka njuchi zinamuthandiza. Potsiriza anatuluka m'tchire ndi Ajeremani 155 ndi asilikali akuda 1,168 okha, atazunguza adani zikwizikwi. Ameneyo anali katswiri.

Filho_de_Angonia
A Captain, ukatswiri umenewo unadya chiyani? Pa 25 Novembala 1917 anawoloka Rovuma kulowa ku Mozambique, n'kugonjetsa Apwitikizi ku Ngomano. Kuchokera apo anayenda miyezi khumi m'dziko lathu, mpaka Namacurra pafupi ndi Quelimane mu Julayi 1918. Analibe nkhokwe, analibe sitima yomubweretsera ufa. Gulu lake linkadya za m'midzi yomwe ladutsa, ndipo omulondola m'mbuyo nawonso ankakokolola zotsala. Mudzi ukadutsidwa kawiri, mbewu yomwe sinkatsala. Amuna ankamangidwa zingwe kuti asenze katundu, kaya ndi Ajeremani, kaya Angerezi, kaya Apwitikizi. Kwathu kuno chaka cha 1917 anthu a ku Barue anaukira Apwitikizi pansi pa dzina la Makombe, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali kugwidwa kwa anthu kumeneku. Mukamagoma ndi mkulu wa nkhondo, muzikumbukiranso mayi yemwe anapeza nkhokwe yake ili pululu.

Captain_Area25
Sindinati anali munthu wabwino. Ndati ankaidziwa ntchito yake.

Filho_de_Angonia
Ntchito yakeyo inali yokoka asilikali a Britain kuti asapite ku Ulaya, pogwiritsa ntchito dziko la eni ndi miyoyo ya eni. Anaikwanitsa, inde. Mtengo wake analipira ndi agogo a mayi NaChisale.

Mphunzitsi_Wopuma
Tiyeni tikhale pa amtengatenga pang'ono, chifukwa funso linachokera kwa iwo. Ku France nkhondo inali ya m'maenje, sitima zapamtunda zikutula zipolopolo ndi chakudya kumbuyo kwa mzere. Kumeneko anthu ankafa ndi chitsulo: pa 1 Julayi 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya Somme, asilikali a Britain 19,240 anafa dzuwa lisanalowe. Kuno kunalibe misewu yodalirika, mvula ikagwa magalimoto ankatitimira, ndipo ng'ombe, akavalo ndi abulu zinkafa ndi kashembe. Chotsala chinali mutu wa munthu. Jenerale Northey atayamba kulowa m'dziko la Ajeremani kuchokera kumalire a Nyasaland ndi Rhodesia mu Meyi 1916, thumba lililonse la mpunga ndi bokosi lililonse la zipolopolo linayenera kukwera mapiri a kumpoto kwa nyanja pamutu.

Tsono taganizirani masamu ake. Munthu wasenza makilogalamu opitirira 20, koma iyenso ayenera kudya tsiku lililonse, ndipo chakudya chakecho chili pamutu pa mnzake kapena pake pomwe. Ulendo ukatalika, mbali yaikulu ya katundu imathera m'mimba mwa osenza. Ndiye kuti msilikali mmodzi adye kutsogolo, pankafunika anthu ambirimbiri kumbuyo. Akuluakulu a nkhondo akafuna kuchepetsa vutoli ankadula phoso la wosenza. N'chifukwa chake amtengatenga ankafa ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala kuposa zipolopolo. Dziko la Nyasaland linapereka asilikali pafupifupi 19,000, koma osenza katundu anayandikira 200,000, pa dziko lomwe anthu ake onse ankangopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Mafumu ankapatsidwa chiwerengero choti apereke, wokanika ankaopsezedwa kuchotsedwa. Amuna ankagona kutchire kuthawa amesenjala. Minda inatsala ndi amayi ndi okalamba. Ndipo obwerera kumapeto kwa 1918 anafika pamodzi ndi fuluwenza, yomwe inapululanso midzi.

NaChisale62
Aphunzitsi, mwandikumbutsa. Agogo ankati bambo awo anabwera ndi dazi pakati pamutu pomwe tsitsi silinamerenso, ndipo phazi limodzi linalibe zala ziwiri chifukwa cha matekenya. Anapita atatu a banja limodzi, anabwera okha. Amayi awo a anyamata enawo ankabwera m'mawa uliwonse kudzakhala pakhonde, osafunsa kanthu, kungowayang'ana. Iwo ankalowa m'nyumba. Akuti panatha chaka asananene komwe abale awo anatsala.

Nurse_ku_Leeds
Mayi, nkhani yanuyi yandigwira. Kuno ku Britain mwezi wa Novembala anthu ambiri amavala kaduwa kofiira pachifuwa, ndipo pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mwala wa maina. Mu Epulo 2021 bungwe losamalira manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission linatulutsa lipoti lovomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo a kum'mawa kwa Africa ndi ku Egypt, sanakumbukiridwe ndi maina, ena sanakumbukiridwe n'komwe. Nduna ya zachitetezo ya nthawi imeneyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Ndinamvera pa wailesi ndili pa ntchito ya usiku. Abale awiri a agogo anu aja ayenera kuti ali m'chiwerengero chimenecho.

Mjoni_wa_Jozi
Kuno ku South Africa amakumbukira sitima ya Mendi, yomwe inamira pa 21 Febuluwale 1917 pafupi ndi Isle of Wight itagundidwa ndi sitima ina m'chifunga. Anthu opitirira 600 anafa, ambiri akuda opita kukagwira ntchito ku France. Chaka chilichonse pamakhala mwambo, ndipo ku Soweto kuli chikumbutso chake. Ife amtengatenga athu tsiku lawo ndi liti?

Zomba_Ndiye_Kwathu
Nsanja ya KAR ilipo kuno ku Zomba, ndipo mwambo wa Novembala umachitika chaka ndi chaka, asilikali opuma amabwera ndi mamendulo awo. Koma ndi ya asilikali. Pa funso lanu a Mjoni, ndilibe yankho.

Mwakipiki_KA
Mwina chikumbutso chawo ndi magule. Malipenga kwathu kuno, beni kwa anzathu a ku Mangochi, mganda pakati apo. Yang'anani mayunifolomu oyera, mizere, ndodo ya wotsogolera, maudindo a kapitawo ndi sajeni, zipenga za zikho zolira ngati bandi ya asilikali. Anthu anatenga perete yomwe inawazunza n'kuisandutsa gule.

Gogo_Chalo
Beni anayambira kugombe la Mombasa nkhondo isanabwere, mwanawe. Koma kuti anafika kuno ndi obwerera kunkhondo, apo ndikuvomera.

Kamwana_2004
Ndiye pa mayeso tilembe 11 kapena 25?

Mlonda_wa_Usiku
Ndikusokonezenso pang'ono, mphwanga. Pali tsiku lachitatu. Za pa 11 Novembala zinali kungosiya kuwomberana. Pangano lenileni la mtendere ndi Germany linasainidwa ku Versailles pa 28 Juni 1919, zaka zisanu ndendende chiphedwere Franz Ferdinand, ndipo mpaka nthawi imeneyo njira za panyanja zinali zisanatsegulidwe kwathunthu. Kumeneko Germany inasenzetsedwa mlandu ndi chipukuta misozi, n'kulandidwa maiko ake onse a ku Africa. Tanganyika inapita kwa Britain, Rwanda ndi Burundi kwa Belgium, South West Africa kwa South Africa, kachigawo ka Kionga kwa Portugal. Palibe mfumu ya kuno yomwe inafunsidwa. Ajeremani ambiri sanavomere kuti anagonja, poti adani anali asanalowe m'mizinda yawo, ndipo Hitler anakwera pa mkwiyo umenewo. Mu Juni 1940 France itagwa, analamula kuti bogi ija itulutsidwe, iikidwe pamalo omwewo ku Compiègne, Afalansa asainiremo kugonja kwawo. Ana a asilikali a ku Karonga aja ndi omwe anatumizidwa ku Ethiopia, Madagascar ndi Burma.

Mphunzitsi_Wopuma
Kamwana, ndi mwana wa mayi NaChisale yemwe: funso likakhala lofuna yankho limodzi, lembani 11 Novembala 1918. Likakhala lofuna kufotokoza, lembani 11, kenako onjezani kuti kum'mawa kwa Africa gulu la Germany linatula zida ku Abercorn pa 25 Novembala. Ndinachongapo mayeso zaka zambiri, ndipo mwana wolemba chotero sindikadamuchotsera malikisi.

NaChisale62
Zikomo nonse, ndawerenga uthenga uliwonse, ena kawiri. Mwana wakopera zonse za aphunzitsi ndi za a Mlonda, ndipo wafunsa ngati tingadzaime pa mzinga uja ku Mangochi tikamapita kumudzi. Usiku wathawu ndakumbukira chinthu china. Agogo anali ndi kachitsulo kozungulira, koboola pamwamba, kolembedwa nambala, komwe ankati bambo awo ankavala m'khosi ku mtengatenga. Ankakasunga m'kachitini ka fodya pamodzi ndi singano. Atamwalira, katundu wawo anatenga ndi azakhali anga. Ndawaimbira m'mawa uno, akuti chitinicho akuchikumbuka koma ayang'ane m'sutikesi yakale. Loweruka ndikupita komweko. Kakapezeka ndidzajambula, ndipo a Nurse mudzandithandize kufunsa kumeneko ngati nambala yotere ingatsogolere ku kaundula wina aliyense. Maina a abale awiri aja azakhali akuwadziwa, anditchulira pa foni, ndawalemba.